Kuyeza kuwala komwe kumayendetsa wotchi ya m'thupi: njira iti ndi yodalirika?

Munthu akaika kachipangizo koyezera kuwala patebulo lake logwirira ntchito n'kuona nambala 400 ikutuluka, amakhutira kuti chipindacho chikuwala mokwanira, ndipo ngati cholinga chake ndi kuwerenga ndi kulemba popanda kutopetsa maso, iye sanalakwe. Koma ngati akufuna kudziwa ngati kuwalako kukukwanira kuuza thupi lake kuti kunja kwacha, kapena ngati nyale ya kuchipinda chogona ndiyo ikumuthawitsira tulo, nambala imeneyo ikhoza kumusocheretsa. Diso limagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yoona zinthu, ndipo zipangizo zambiri zoyezera kuwala zinapangidwira imeneyi; yachiwiri ndi youza wotchi ya m'thupi kuti tsopano nthawi ili bwanji, ndipo imeneyi ili ndi miyezo yakeyake.

Wotchi ya m'thupi ili mu ubongo, m'kachigawo kakang'ono kotchedwa suprachiasmatic nucleus, kamene kali ndi maselo pafupifupi 20,000 ndipo kali pamwamba penipeni pa malo amene mitsempha yochokera m'maso awiri imapingasana. Mu 1972 magulu awiri a akatswiri ku America anaonetsa kuti kachigawo kameneka kakawonongedwa mu ubongo wa khoswe, nthawi zake zomwera madzi, zoyendayenda ndi zotulutsa mahomoni zimabalalika zonse. Wotchi ya munthu ikasiyidwa kuti iziyenda yokha, popanda chizindikiro chilichonse chochokera kunja, tsiku lake limatalikirapo pang'ono: Charles Czeisler ndi anzake ku Harvard anapeza mu 1999 kuti limakhala la maola 24 ndi mphindi pafupifupi 11. Mphindi zochepazo zikanati ziziunjikana, pakutha pa mwezi umodzi munthu akanatsalira m'mbuyo ndi maola oposa 5. Chimene chimaibwezera m'malo tsiku ndi tsiku ndi kuwala kolowa m'maso, ndipo mbali imene wotchiyo imakankhidwira imadalira nthawi: kuwala kwa madzulo ndi kwa kumayambiriro kwa usiku kumaichedwetsa, pamene kuwala kwa m'bandakucha ndi kwa m'mawa kumaifulumizitsa. Malire a ziwirizi ali pa nthawi imene kutentha kwa m'kati mwa thupi kumatsikitsitsa, yomwe kwa anthu ambiri imafika kutatsala maola 2 kapena 3 kuti adzuke. Choncho muyezo wa kuwala umene sunalembedwe pamodzi ndi ola lake ndi woperewera, pakuti kuwala komweko kumene kumathandiza m'mawa ndi kumenenso kumasokoneza usiku.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti maselo amene timaonera zinthu, otchedwa rods ndi cones, ndi omwenso amauza wotchi nthawi. Mu 1995 madokotala anadabwa kupeza anthu ena osaona n'komwe amene matupi awo ankachepetsa melatonin, homoni ya usiku, akawaunikira m'maso. Yankho linachokera kumene palibe ankaliyembekezera: mu 1998 Ignacio Provencio anapeza puloteni yomva kuwala m'khungu la chule n'kuitcha melanopsin, ndipo patangotha zaka 2 inapezekanso m'diso la munthu. Mu 2002 David Berson wa ku Brown University anaonetsa kuti maselo ochepa a mu retina, kumbuyo kwa diso, amene ali ndi melanopsin, amamva kuwala paokha ngakhale atalekanitsidwa ndi rods ndi cones, ndipo amatumiza uthenga wawo molunjika ku wotchi. Maselo amenewa alibe changu. Amachedwa kuyankha, koma akayamba amapitiriza nthawi yaitali, chifukwa ntchito yawo ndi yowerengera kuchuluka kwa kuwala konse kumene kwadutsa, osati kuthwanima kwa kamphindi. Amamva kwambiri kuwala kwa mafunde otalika mananomita pafupifupi 480 (nanomita ndi muyezo waung'ono zedi wa kutalika), komwe ndi kwa mtundu wa buluu wonga wa thambo, ndipo apa ndi pamene njira zoyezera zimasiyanirana.

Mita ya lux, foni ndi chizindikiro cha pababu

Mita wamba yoyezera kuwala imatulutsa nambala m'muyezo wotchedwa lux, umene maziko ake anakhazikitsidwa mu 1924 ndi bungwe la padziko lonse loona za kuunika, lodziwika ndi zilembo zakuti CIE. Muyezowu umatsatira mmene cones imaonera kuwala, ndipo umalemekeza kwambiri mafunde a mananomita 555, omwe ndi obiriwira motsamira ku chikasu, pamene kuwala kwa buluu umakuwerengera pang'ono chabe. Ubwino wa mita imeneyi ndi wakuti ndi yosavuta kugwiritsa ntchito, siidula, ndipo imaphunzitsa munthu chinthu chimene maso ake amamubisira. Popeza diso limazolowera msanga malo alionse, timaganiza kuti ofesi yowala bwino sikusiyana kwenikweni ndi panja, koma mita imaulula kuti mwezi wathunthu sufika ngakhale lux 1, ofesi imakhala ndi lux 300 mpaka 500, tsiku la mitambo limaposa lux 1,000, ndipo dzuwa likaswa mtengo likhoza kufika lux 100,000. Munthu amene waona manambala amenewa ndi maso ake sakayikiranso kuti mphindi zochepa zokhala panja m'mawa zimaposa maola ambiri okhala pansi pa mababu.

Kafukufuku wamkulu woyambirira anachitikanso ndi muyezo womwewu. Mu 1980 Alfred Lewy anaonetsa kuti lux 2,500 imatsitsa melatonin m'magazi a munthu pamene lux 500 sinaoneke kuti ikuchita zimenezo, ndipo kwa zaka zambiri anthu anakhulupirira kuti kuwala kwa m'nyumba kulibe mphamvu pa wotchi. Mu 2000 Jamie Zeitzer ndi anzake, atayeza mosamala kwambiri, anapeza kuti lux pafupifupi 100 imachita theka la zimene lux 9,000 imachita. Nyale wamba ya pabalaza, imene ankaiyesa yopanda vuto, inapezeka kuti ili pakatikati penipeni pa kuwala kumene wotchi imamva.

Kufooka kwa mita ya lux ndi kwakuti nyale ziwiri zikhoza kuonetsa nambala imodzi koma n'kukhala ndi mphamvu zosiyana pa melanopsin. Babu lowala mofiirira limadzutsa maselo a melanopsin ndi pafupifupi theka la mphamvu imene kuwala kwa masana kwa lux yofanana kuli nayo, ndipo mita sidziwa kusiyanako. Palinso kulakwitsa kwina kumene si kwa mita koma kwa mwini wake, ndipo ine ndimaona kuti kumeneku ndiko kukulu: anthu amagoneka mita patebulo kuti iyang'ane kudenga, chifukwa ndi mmene amisiri a magetsi amayezera kuunika kwa malo ogwirira ntchito. Diso siliyang'ana kudenga. Limayang'ana kutsogolo, ndipo m'chipinda chimene nyale zake zili pamwamba, kuwala kofika m'diso nthawi zambiri kumachepa kwambiri poyerekeza ndi kogwera patebulo. Mita iyenera kuimikidwa pambali pa diso, kuyang'ana kumene munthuyo amayang'ana.

Mapulogalamu a pafoni oyezera kuwala amagwiritsa ntchito kadiso kamene kanaikidwa kuti kazisintha kuwala kwa sikirini, kapenanso kamera, ndipo zimenezi sizinakonzedwe kuti zikhale zoyezera. Mafoni awiri ataikidwa malo amodzi akhoza kunena zosiyana kwambiri, makamaka kuwala kukamachokera cham'mbali kapena kukakhala kochepa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ndi pa kuwala kochepa komweko, kwa madzulo, pamene munthu amafunira nambala yolondola. Foni ikhoza kukuuzani ngati muli pa makumi, mazana kapena masauzande a lux, koma isakuuzeni zoposa pamenepo.

Nambala yolembedwa pababu, monga 2700 K kapena 6500 K, imanena za mtundu wa kuwala, osati kuchuluka kwake. N'zoona kuti nambala yaikulu kawirikawiri imatanthauza buluu wambiri, koma babu lofiirira lowala kwambiri likhoza kuchedwetsa wotchi kuposa babu loyera lowala mozimiririka, ndipo mababu awiri a nambala imodzi akhoza kusakaniza mitundu mosiyana. Nambalayi imathandiza posankha babu, koma poyeza siikwanira.

Spectrometer ndi muyezo wa melanopic EDI

Njira yolondola kwambiri yoyezera kuwala kwa pamalo amodzi ndi chipangizo chotchedwa spectrometer, chimene chimagawa kuwala m'mafunde ake onse n'kulemba mphamvu ya funde lililonse. Munthu akakhala ndi chithunzi chonse chimenechi angathe kuwerengera muyezo uliwonse umene akufuna, kuphatikizapo umene akatswiri angadzagwirizane m'tsogolo, ndipo ubwino umenewu palibe njira ina imene ili nawo. Mu 2018 bungwe la CIE linatulutsa ndondomeko yotchedwa S 026, imene imafotokoza mmene mitundu isanu ya maselo omva kuwala m'diso imamvera mafunde osiyanasiyana: mitundu itatu ya cones, rods, ndi maselo a melanopsin. Muyezo wofunika kwambiri umene unachokera m'menemo ndi melanopic EDI. Dzinali ndi lolemera, koma tanthauzo lake ndi lomveka, pakuti limayankha funso lakuti: kodi pangafunike lux zingati za kuwala kwa masana kuti zidzutse melanopsin monga mmene nyale iyi ikuidzutsira? Panja masana, lux wamba ndi melanopic EDI zimakhala pafupifupi zofanana. Pansi pa babu lofiirira, yachiwiriyo imatsika kufika cha pa theka.

Chimene chapatsa muyezowu mphamvu ndi chakuti tsopano uli ndi manambala oyerekezera. Mu 2022 gulu la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, lotsogozedwa ndi Timothy Brown wa ku University of Manchester, linagwirizana kuti munthu wamkulu wathanzi amene amagwira ntchito masana azilandira melanopic EDI yosachepera lux 250 masana onse, yosapitirira lux 10 m'maola 3 omaliza asanagone, ndi yosapitirira lux 1 m'chipinda pamene ali m'tulo, ndipo zonsezi ziyezedwe pa diso, mita itaimirira. Tibwerere kwa munthu uja wa lux 400 patebulo. Tiyerekeze kuti ataimika mita pambali pa diso wapeza lux 200, ndipo mababu a mu ofesi yake ndi a LED a 4000 K, amene mphamvu yawo pa melanopsin imakhala cha pa magawo awiri mwa atatu a kuwala kwa masana. Melanopic EDI yake ili cha m'ma 130, theka chabe la imene ikufunika, ngakhale chipindacho chikuoneka chowala bwino. Madzulo vuto limatembenuka: pabalaza pamene pali lux 80 ya babu lofiirira pali melanopic EDI ya pafupifupi 40, kuchulukitsa kanayi malire aja. Umu ndi mmene moyo wa m'nyumba zamagetsi ulili, masana amdima ndi usiku wowala, ndipo wotchi imene ikulandira uthenga wosasiyanitsa bwino usana ndi usiku imayamba kutsalira. Kenneth Wright wa ku University of Colorado anaonetsa zimenezi mu 2013 pamene anatenga anthu 8 kukagona m'matenti kumapiri kwa sabata imodzi popanda magetsi: mawotchi awo anafulumira ndi maola pafupifupi 2.

Spectrometer ili ndi zofooka zake. Ndi yodula, imafuna kukonzedwanso nthawi ndi nthawi kuti isayambe kunama, ndipo imayeza kamphindi kamodzi pa malo amodzi, pamene munthu amatembenuka, amayenda ndiponso amatuluka panja. Komanso muyezo wa CIE unawerengeredwa pa diso la munthu wa zaka 32, koma lenzi ya m'diso imachita chikasu munthu akamakalamba n'kumatchinga buluu wambiri, kotero kuti agogo ndi mdzukulu wawo atakhala pampando umodzi salandira uthenga wofanana. Ngakhale zili choncho, kwa munthu amene akukonza kuunika kwa chipatala, sukulu, fakitale kapena nyumba yosamaliramo okalamba, sindiona njira ina imene ingalowe m'malo mwake.

Wowerenga adzakumananso ndi miyezo ina iwiri. Wina ndi EML, umene ndondomeko yomangira nyumba yotchedwa WELL inatchukitsa. Maziko ake ndi melanopsin yomweyo, ndipo kuuchulukitsa ndi 0.9 kumapereka pafupifupi melanopic EDI, choncho kusiyana kwake n'kwa masamu chabe. Wina ndi Circadian Stimulus, kapena CS, umene Mark Rea ndi Mariana Figueiro anakonza ku Lighting Research Center ku New York. Uwu ndi wosiyanadi, chifukwa umayesa kulosera kuti kuwala kungatsitse melatonin ndi gawo lalikulu bwanji m'ola limodzi, n'kuwerengeranso mbali imene cones ndi rods zimatenga; manambala ake amafika pa 0.7, ndipo eni ake amalangiza 0.3 kapena kuposa masana. Ganizo lakuti maselo enawo amathandizira ndi loona, koma CS imatsamira pa kawerengedwe ka gulu limodzi la akatswiri kamene kakhala kakukonzedwanso, pamene melanopic EDI ndi muyezo wogwirizana padziko lonse umene aliyense angathe kuuwerengera mofanana. Pa chifukwa chimenechi ine ndimatsamira kwa melanopic EDI.

Zipangizo zovala

Popeza wotchi imawerengera kuwala kwa tsiku lonse, ndiponso imakumbukira kwa dzulo, moti munthu amene watha tsiku m'chipinda chamdima amakhudzidwa kwambiri ndi nyale ya madzulo kuposa amene anali padzuwa, pali nzeru yovala kachipangizo kolemba kuwala mphindi iliyonse kwa sabata imodzi kapena awiri. Zambiri zimavalidwa pamkono ngati wotchi wamba ndipo zimalembanso kugwedezeka kwa thupi, kumene kumasonyeza nthawi yogona ndi yodzuka. Kuphatikiza ziwirizi n'kwamtengo wapatali, makamaka kwa ogwira ntchito mashifiti a usiku, amene tsiku lawo silingayezedwe ndi mita yoima pamalo amodzi. Vuto ndi lakuti mkono suona zimene diso likuona: umabisika m'malaya, umalowa pansi pa tebulo, umafunditsidwa bulangete. Kachipangizo kolendewera pachifuwa kamayandikira zoona, ndipo komangiriridwa pa magalasi a maso ndi kolondola koposa, koma ndi anthu ochepa amene amapirira kukavala masiku ambiri. Pogula, funso lofunika ndi lakuti kodi kamayeza lux yokha kapena kamasiyanitsa mitundu ya kuwala mokwanira kutulutsa melanopic EDI, ndiponso ngati kamamva kuwala kochepera lux 10, chifukwa tina timalemba ziro pamalo pamene wotchi ikumvabe.

Kuyeza wotchi yeniyeniyo

Njira zonse zimene tatchulazi zimayeza chimene chikulowa m'diso, osati chimene thupi lachita nacho. Wofuna kudziwa ola limene wotchi yake ikuloza ayenera kuyeza melatonin. Njira yodalirika kwambiri ndi yotchedwa DLMO: munthu amakhala m'chipinda cha kuwala kozimiririka, kochepera lux 10, kuyambira maola angapo isanakwane nthawi yake yogonera, n'kumapereka malovu mphindi 30 kapena 60 zilizonse, ndipo ku labotale amayang'ana ola limene melatonin inayamba kukwera, lomwe kwa anthu ambiri limafika maola 2 kapena 3 asanagone. Njirayi ndi yotopetsa, ndipo kungoyatsa nyale ya kubafa kamphindi kukhoza kuiwononga, koma dokotala amene akuthandiza munthu wosagona mpaka m'bandakucha amaifuna, chifukwa kuwala kochiritsira kukaperekedwa pa ola lolakwika kumakankhira wotchi mbali yolakwika n'kukulitsa vutolo. Kuyeza zotsalira za melatonin mu mkodzo wotoleredwa kwa masiku awiri n'kosavuta kuchitira kunyumba, ndipo kwathandiza kwambiri pofufuza anthu osaona amene mawotchi awo amayenda okha, koma sikuloza ola molondola ngati malovu. Kutentha kwa m'kati mwa thupi nako kumasonyeza wotchi, koma kugona, kudya ndi kuyenda zimakusokoneza, moti kumadalirika m'labotale mokha, mmene munthu amagonekedwa chotsamira ali maso kwa tsiku lathunthu ndi kupitirira.

Chifukwa chimene kuyeza thupi kulili kofunika chinaonekera bwino mu 2019, pamene Andrew Phillips ndi anzake ku Monash University ku Australia anaunikira achinyamata athanzi ndi kuwala kosiyanasiyana madzulo. Pa gulu lonse, lux yochepera 30 inali yokwanira kutsitsa melatonin ndi theka, koma munthu womva kwambiri anafika pa theka limenelo ndi lux 6 yokha, pamene wosamva kwambiri anafunikira lux 350. Anthu awiri a m'nyumba imodzi, owunikiridwa ndi babu limodzi, akhoza kukhala wina pa usiku weniweni ndipo wina pa madzulo osatha, ndipo palibe mita imene ingawasiyanitse.

Apa ndi pamene njira yonyozeka koposa zonse imapezera ulemu wake, ndiyo kabuku kolembamo tulo. Till Roenneberg wa ku Munich anaonetsa kuti pakatikati pa tulo ta masiku opuma, pamene palibe alamu yodzutsa munthu, pamayenderana bwino ndi ola la wotchi ya m'thupi: amene wagona 11 koloko usiku n'kudzuka 7 koloko m'mawa, pakatikati pake ndi 3 koloko. Munthu amene alibe labotale angalembe kwa masabata awiri ola limene wagona, limene wadzuka ndi limene watulukira panja koyamba, n'kuyeza ndi mita ya lux pambali pa diso pa malo atatu amene amakhalitsa: pogwirira ntchito, pabalaza madzulo ndi pabedi nyale zitazimitsidwa. Ngati mababu ake ndi ofiirira, agawe nambala ya madzulo ndi 2 kuti ayandikire melanopic EDI, ndiye kuti lux 20 pa mita ndiwo malire ake. Kenako asinthe chinthu chimodzi chokha, kaya kusunthira tebulo pafupi ndi zenera, kaya kuzimitsa nyale ya kudenga n'kusiya yaing'ono ya pakona maola 3 asanagone, ndipo alembenso masabata ena awiri kuti aone ngati pakatikati pa tulo take pasunthira kumayambiriro kwa usiku.